Mgonero wa kwa Amayi a Ubatizo

1. Mtolo wolemera

Kwathu ku Balkivka, tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, mwana aliyense wosakwatiwa amanyamula mgonero kupita nawo kwa amayi ake a ubatizo. Ngakhale chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chigwe chofika m'mawondo, mwambo umenewu sulephereka. Mwana akapanda kufika, mudzi wonse umadziwa kuti pabanjapo pali nkhani.

N'chifukwa chake chaka chimenecho a Panas, mlimi wa njuchi, anavomera kuti mwana wawo Ustina apite kwa a Sekleta, ngakhale mtima wawo sunkafuna.

Pabanja la a Panas nkhani inalipodi. Zaka zingapo m'mbuyomo iwo ankagwira ganyu yokolola tirigu kwa Ajeremani a kutsidya la mtsinje. Kumeneko anaona anthu akusonkhana m'nyumba, n'kumawerenga Baibulo okha popanda wansembe. Anaphunzira kuwerenga, anasiya kachasu, ndipo nyengo yotentha yapitayo iwo ndi akazi awo a Kilina anamizidwa mumtsinje ndi mlaliki woyendayenda wa Abaputisti.

Anthu oterewa boma linkawatchula kuti Ashitunda, ndipo linali litaletsa misonkhano yawo. Munthu akagwidwa ankamutumiza kutali. Ana ake ankalandidwa n'kuperekedwa kwa anthu a tchalitchi kuti awalere.

Abale m'mudzimo anali mabanja owerengeka chabe. Ankakumana m'nyumba ya pansi pa nthaka, kuseri kwa munda wa zipatso, momwe a Panas ankasungiramo ming'oma ya njuchi m'nyengo yozizira. Poimba ankaimba chapansipansi, kuopa anthu, komanso kuopa kudzutsa njuchi.

Dzuwa litangolowa, a Kilina anapakulira kutya mumphika, tirigu wophika uja wothira uchi. Pamwamba anasanjapo buledi ndi nsomba youma, n'kumanga zonse m'nsalu yopeta. Mtolowo anaulemeretsa dala.

"Unyamule ndi manja onse awiri," anatero a Kilina. "Munthu wonyamula mphika palibe amamufunsa chifukwa chake walowa m'nyumba osalemba chizindikiro cha mtanda."

Ustina anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kamtanda kake ka pakhosi anali atavula yekha, popanda womuuza, tsiku limene anamva mlaliki uja akulalikira. Amake anamumangira batani la malaya mpaka m'khosi.

"Khala kaye pansi, Ustina," anatero a Panas. "Mphikawo suthawa.

"A Sekleta ndi munthu wabwino, sindikukana. Anakunyamula pa ubatizo uli kakhanda. Amako atadwala chaka cha njala chija, anakutenga n'kukulera mpaka iwo anachira. Zimenezo sitidzaiwala. Koma zimene ukudziwa iwe si zako wekha ayi. Ndi za amasiye aja a kumapeto kwa mudzi, ndi za wosula zitsulo ndi ana ake, ndi za aliyense amene amatsikira m'nyumba ya njuchi. Ukatsegula pakamwa pako, watsegula zitseko za anthu onsewo.

"Sindikukutuma kukanama. Ife bodza tinasiya limodzi ndi kachasu. Akakufunsa chifukwa chake kamlongo kako Sava sikanabatizidwe chibadwire, unene kuti adzafunse ine. Akakufunsa chifukwa chake sitikuoneka kutchalitchi, unenenso kuti adzafunse ine. Ine ndili nawo msana wolandirira zikwapu. Iwe ulibe.

"Makamaka za tsiku lachitatu la Khirisimasi, m'mawa uja tidzakumane ndi mlaliki, usatchule ngakhale kwa mphaka wawo. Ndipo tamvetsa ichi. Munthu wokukalipira savuta, umangokhala chete mpaka atope. Wovuta ndi amene akukulirira. Ameneyo umamuyandikira wekha."

"Iii, bambo, mwamuopseza mwana," anatero a Kilina akugwedeza Sava pamiyendo. "Akupita kwa akuma athu, si kundende." Kwathu, makolo a mwana ndi amayi ake a ubatizo amaitanana kuti akuma.

"Ababa, ulaliki wanu watalika kuposa wa wansembe," anatero Ustina. "Kutya azizira uyu."

A Panas anamwetulira pang'ono. "Pita. Koma batani la pakhosilo lisamasuke."

2. Mikanda yofiira

Nyumba ya a Sekleta inali pafupi ndi tchalitchi. Inali yaudongo, yofunda, koma yachete, chifukwa munalibe mwana. Pakona panali zithunzi za oyera zokutidwa ndi nsalu zopeta, kanyali kofiira kakuyaka patsogolo pake.

Ustina analowa mtolo uli pachifuwa.

"Madzulo oyera, amayi. Ababa ndi amama atumiza mgonero."

"Eee, wafika mwana wa Panas woyera!" anakuwa a Omelko, amuna awo a Sekleta, kapu ili kale m'manja. "Abambo ako akumwabe madzi ngati ng'ombe? Nanga kamlongo kako kaja kakadali kachikunja? Kamera ndevu kasanabatizidwe kameneko, uona."

"Zimenezo mudzawafunse ababa," anayankha Ustina.

"Wamva? Mayankho a kukhoti!"

"Tamusiyani mwana, chidakwa inu," anatero a Sekleta. "Anzanu akukudikirani uko, pitani mukamalize botolo."

A Omelko anavala chikhoti chawo cha chikopa cha nkhosa n'kutuluka akudzandira.

A Sekleta analandira mtolo, analawa kutya monga mwa mwambo, n'kuyamikira uchi wa a Panas. Anatenga buledi wobwerayo n'kuikamo wawo m'nsalu muja. Kenaka anatsegula bokosi lawo la zovala n'kutulutsa mikanda yofiira, mizere ingapo.

"Iyi ndinavala pa ukwati wanga. Ndilibe womusiyira koma iwe. Wakula tsopano, anyamata ayamba kusuzumira pampanda. Tembenuka ndikuveke."

"Ndikavala kunyumba, amayi."

"Kunyumba? Mphatso ya amayi a ubatizo amavala pomwepo. Unayamba liti kuchita nane manyazi, ine ndinakusambitsa uli buno bwamuswe?"

Ustina asanayankhe, zala za a Sekleta zinali zitamasula kale batani lija. Zinafufuza kachingwe ka mtanda kuti kasapiringizane ndi mikanda. Kachingweko panalibe.

A Sekleta anakhala pabenchi, mikanda ili m'manja.

"Ndiye n'zoona," anatero. "Pachitsime amayi ankanena, ine n'kumakana. Ndinkati akuma anga, amako, sangachite zotere osandiuza."

"Mudzawafunse ababa," anatero Ustina, koma mawu ake anatuluka aang'ono.

A Sekleta sanakalipe. Anapinda dzanja la malaya awo n'kumuonetsa mkono. Unali wakuda ndi mikwingwirima kuchokera pachigongono mpaka paphewa.

"Iyi ndiye Khirisimasi yanga ya chaka chino, andipatsa dzulo. Amako nawonso kale ankayenda ndi zoterezi. Ndinkawathowa ndine, iwe uli mtulo. Lero amako ananenepa, akuseka, m'nyumba mwanu simumveka kusweka kwa mbale. Ine kandulo ndayatsa, kusala ndasala, kwa oyera ndagwada mpaka mawondo anachita zikang'a. Omelko ndi yemweyo. Ngati kuli mawu amene anasintha Panas, bwanji mukundibisira ine? Ndine galu ine, kuti mudye mkati ine ndili panja?"

Misozi inayamba kutsika. Ustina anakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja.

"Abambo ako sangandiuze," anapitiriza a Sekleta. "Aziti mkazi wa chidakwa, aulula. Ndingomvako kamodzi kokha, mwanangu. Ndikhala kumbuyo, sindilankhula. Mwina ndingapeze chokauza mwamunayu asanandiphe."

Ustina anakumbukira chenjezo la abambo ake. Anakumbukiranso mlaliki uja akunena kuti uthenga si wobisira munthu amene akuufuna. Anayang'ana mkono uja kachiwiri.

"Lumbirani kaye, amayi."

A Sekleta anagwada pakona, analemba chizindikiro cha mtanda, n'kupsompsona chithunzi cha Amayi Maria.

"Dzanja ili liume ndikauza munthu."

Pamenepo Ustina ananena. Anatchula nyumba ya njuchi. Anatchula tsiku lachitatu la Khirisimasi, m'mawa, nthawi imene mudzi umakhala uli mtulo ndi matsire. Ananenanso kuti kukubwera mlaliki wochokera kutali.

"Dzina lake ndani?"

"Dzina ayi, amayi. Mukamuona nokha. Mudzagogode pang'onopang'ono, ndidzakutsegulirani ndine."

A Sekleta anamuveka mikanda ija, n'kumupsompsona pachipumi.

3. Funso la pakhomo

Ustina anabwerera kwawo akuthamanga, chipale chikulira pansi pa jombo zake. Mumtima ankaona kale chisangalalo cha amake akadzaona akuma awo akutsikira m'nyumba ya njuchi.

A Panas anali pakhomo, akumudikira. Atalowa n'kuvula mpango, maso awo anagwera pa mikanda.

"Yokongola," anatero. "Anakuveka okha?"

Ustina anayamba kupinda mpango wake.

"Ayi, ababa. Ndavala ndekha panjira."

"Sanafunse kanthu?"

"A Omelko ndi amene anafunsa za Sava. Ndawauza kuti adzafunse inu."

"Wachita bwino, mwanangu."

A Panas anamusisita kumutu n'kubwerera pathebulo. Limeneli linali bodza loyamba limene Ustina anawauza abambo ake chisiyireni iwo kachasu. Madzulo amenewo Ustina anadziuza kuti tsiku lachitatu zonse zidzakonzeka.

Tsiku la Khirisimasi ndi lotsatira lake kunagwa chipale chambiri, mphepo n'kuchiunjika m'misewu. Ustina anasesa m'nyumba ya njuchi, anatsitsiramo mabenchi, n'kuikanso kampando kena kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

"Kameneko n'ka yani?" anafunsa a Kilina.

"Mwina pangabwere wina," anatero Ustina.

4. Wotsegula chitseko

M'mawa wa tsiku lachitatu abale anafika mmodzimmodzi, podzera m'munda wa zipatso. Mlaliki yekha sanaoneke. Wosula zitsulo ananena kuti msewu wochokera ku Chigwa watsekeka, chileyi sichingadutse, ndiye mwina afika tsiku la msika.

"Mawu tili nawo pompano," anatero a Panas. "Tiyeni tiyambe."

Anatsegula Baibulo pamwamba pa mng'oma n'kuyamba kuwerenga, chala chikutsatira mzere. M'ming'oma njuchi zinkangomveka chapansipansi. A Kilina anali ndi Sava pabere. Ustina anakhala pafupi ndi chitseko, khutu lili panja.

Nyimbo yoyamba ili mkati, kunamveka kugogoda kwapang'onopang'ono.

Onse anasiya kuimba. A Panas anakweza dzanja kuti aliyense akhale chete. Koma Ustina anali ataimirira kale, nkhope ikuwala.

"Musaope, ababa! Ndi amayi, a Sekleta. Abwera kudzamva mawu."

"Ustina, usa..."

Mpiringidzo anali atauchotsa.

Panja panalidi a Sekleta, atafunda mpango wakuda. Kumbuyo kwawo kunali wapolisi wa boma ndi lupanga lake m'chiuno, wansembe, ndi amuna a m'mudzi onyamula zibonga. A Omelko anali pakati pawo.

"Zikomo, mtsikana," anatero wapolisi uja, n'kumukankhira pambali.

Amuna aja anatsika mothithikana. Mabenchi anagwa. Wina anamenya wosula zitsulo pakamwa. Mng'oma wina unagubuduka n'kusweka, njuchi n'kutuluka zili zofooka. Zinaulukira pakhomo pomwe panali kuwala, n'kumagwera pachipale, osadzukanso.

"Njuchi, anthu inu, njuchi zalakwanji?" anakuwa a Panas.

"Ukulira njuchi?" anaseka a Omelko. "Dzilirire wekha, woyera iwe. Kumene ukupita uzikamwa madzi ako aja mpaka ukhute."

Anawatulutsa onse panja n'kuwamanga amuna manja kumbuyo. Wapolisi anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Onsewa ndi a m'mudzi muno, ndikuwadziwa. Mlaliki ali kuti?"

Anamenya a Panas ndi chikwapu pamsana, anafunsanso, koma a Panas anangoyang'ana pansi. Atadzutsa mutu, maso awo anakumana ndi a Sekleta.

"Akuma," anatero. "Ndinu?"

A Sekleta anakokera mpango kumaso.

Wansembe anatambasula dzanja kuloza a Kilina. "Mwanayo sanabatizidwe. Lamulo mukulidziwa. Ana a nyumba iyi apita kwa mkhristu woti awalere, ndipo mtsikanayu ali nawo kale amayi a ubatizo."

A Kilina anakuwa, anamukumbatira Sava, anagwa naye pachipale. Amuna awiri anawagwira mikono. Amene anatenga mwanayo m'manja mwawo anali a Sekleta.

Ustina anathamangira kwa abambo ake pamene ankawakweza pachileyi.

"Ababa, ndine! Ndinawauza ndine! Analumbira, ababa, anapsompsona chithunzi!"

"Ndadziwa, mwanangu," anatero a Panas. Pakamwa pawo pankatuluka magazi. "Leka kukuwa, umve, nthawi palibe. Kuuza unauza chifukwa cha chifundo, chimenecho ndachimva. Chondipweteka ndi cha pakhomo chija. Ukanandiuza zoona madzulo aja, bwenzi titasintha tsiku, anthu awa ali kunyumba kwawo. Munthu akalakwa n'kunena msanga, zimakonzeka. Akabisa, cholakwacho chimakula chokha iye ali mtulo. Tsopano zachitika. Usandilirire ine. Yang'anira Sava, usamusiye. Ndipo mwanangu, pakamwa."

Hatchi inakoka, chileyi chinanyamuka kulowera kutauni.

5. Nyumba yofunda

Tsiku lonselo Ustina anakhala pabenchi m'nyumba ya a Sekleta, Sava ali pamiyendo pake. Mwanayo ankalira kufuna bere. A Sekleta anatenthetsa mkaka wa ng'ombe, anauthira mu kanyanga, koma Sava ankangoulavula.

Pafupi ndi ng'anjo panali kabedi kamwana katsopano, matabwa ake akadali oyera. Kabedi kotero sapala tsiku limodzi, ndipo pa masiku a Khirisimasi palibe mmisiri amagwira ntchito.

"Idya, mwanangu," anatero a Sekleta, n'kumuikira mbale ya msuzi.

"Munalumbira, a Sekleta."

"A Sekleta? Ndasiya liti kukhala amayi?"

"Munagwada apo. Munati dzanja liume."

A Sekleta anakhala moyang'anizana naye, manja ali pathebulo.

"Ndinalumbira, inde. Koma lumbiro limenelo si loyamba. Loyamba ndinalumbira iwe uli ndi masiku ochepa, m'tchalitchi umo, pamaso pa Mulungu ndi anthu. Ndinakana Satana m'malo mwako, ndinalavula malovu m'malo mwako, chifukwa iwe sunkatha kulankhula. Tsiku lachiweruzo sadzafunsa amako, sadzafunsa abambo ako. Adzafunsa ine kuti Sekleta, mwana uja tinakupatsa ndi mtanda pakhosi ali kuti? Ndidzayankha chiyani? Kuti ndinamusiya m'dzenje la njuchi? Lero ukudana nane, ndikudziwa. Udzakula, udzakwatiwa m'tchalitchi ngati munthu, ana ako adzalembedwa ngati anthu, ndipo udzabwera kudzandithokoza. Ndakuwombola, Ustina. Ndawombolanso kamwana aka, kakanafa kopanda dzina kumwamba."

"Nanga mkono uja?"

"Mkonowo sunali wabodza," anatero a Sekleta chapansipansi.

"Nanga kabedi ako kapalidwa liti?"

A Sekleta anaimirira n'kukasonkhezera moto.

Ustina anavula mikanda ija n'kuisiya pathebulo, pambali pa msuzi umene sanaukhudze.

6. Mtengo wa kubwerera kwawo

Mawa lake masana wapolisi uja anafika. Anagwedeza chipale pa jombo zake, analandira kapu ya kachasu kwa a Omelko, n'kukhala pabenchi moyang'anizana ndi Ustina.

"Ashitunda ako ndi ouma mutu," anatero. "Tawafunsa mwaulemu, tawafunsanso mwanjira ina. Palibe akufuna kutchula mlaliki. Koma tamva kuti amayenda ngati wogula phula, ndipo mawa ndi msika ku Chigwa. Ogula phula kumakhala ambiri, onse ndevu, onse zikhoti zofanana. Ine sindimudziwa. Iwe unamuonapo, si choncho? Anagonapo kwanu."

Ustina anayang'ana kumene kunagona Sava.

"Sindine munthu woipa, mtsikana. Nanenso ndili ndi ana. Tamva kamwanako mmene kakulirira, mawu atha. Mkaka wa ng'ombe kakukana, ndipo mwana wa msinkhu uwu sapirira masiku ambiri. Ukandisonyeza munthu ameneyo, mawa lomwelo madzulo iwe ndi kamlongo kako mukagona kwa amayi anu. Za abambo ako ndikanenako mawu abwino kutauni."

Mbale imene a Sekleta ankapukuta inagwa pansi n'kusweka.

"Bwana, si zimene tinapangana! Munati ndikakufikitsani pakhomo, ana ndi anga. Munanena pamaso pa abambo wansembe!"

Wapolisi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Tinapangana mlaliki, mayi. Munandilonjeza mlaliki. Mwandipatsa mlimi wa njuchi ndi nkhalamba zopanda mano."

"Koma ndi anga! Kabedi ndinapalitsa kale, zovala ndinasoka..."

"Tseka pakamwa, mkazi iwe," anatero a Omelko. "Wadziulula wekha."

Ustina anawayang'ana a Sekleta nthawi yaitali. Iwo anagwada n'kuyamba kutola zidutswa za mbale, osadzutsa mutu.

Wapolisi anamaliza kapu yake n'kuvala chipewa.

"Chileyi chifika m'mawa, mtsikana. Sudzafunika kulankhula n'komwe, abambo ako anati pakamwa, ndinawamva. Pakamwa utseke. Udzangoloza ndi chala basi."

Anatuluka, a Omelko n'kumuperekeza.

Sava anayambanso kulira, kulira kosasa, kopanda mphamvu. Ustina anamunyamula n'kupita naye pawindo. Anapukuta galasi ndi chigongono n'kuyang'ana kumtunda kwa mudzi.

Nyumba zonse zinkafuka utsi. Ya amake yokha inalibe utsi; chichokereni ana, sanakoleze moto.